Tsitsi Limene Amayi Anandiluka

Chilimwe chimenecho m'nyumba yathu ku Mauwa munali fungo limene sopo ankalephera kuchotsa. Linkachokera kuchipinda kwa amayi, pa bala la pabere lawo. Kuchipatala anali atawabweza, atawauza kuti khansa yafalikira. Ine ndinali mu Sitandade 3, mawu amenewo sindinkawamvetsa. Ndinkangoona kuti azimayi a kutchalitchi akuthera pakhonde, nsalu ili kumphuno, ndipo amayi anandiletsa kulowa. Ndinkakhala kunsi kwa zenera lawo ndikusenda nandolo wouma, n'kumamva akubuula motsitsa, ngati munthu woopa kudzutsa khanda. Ntchentche zinkangoti ng'waa pa katani.

Amene ankalowa anali Abiti Saidi okha, neba wathu wogulitsa zitumbuwa, amene ankadzawasambitsa akatha kuswali, kupemphera kwawo kwa Chisilamu.

Kenaka kunayamba kubwera anamwino pa njinga yamoto, fumbi lofiira lili m'nsidze. Analowa osagwira mphuno. Anakhalitsa pamphasa akulankhula ndi amayi chapansipansi. Anaphwanya mapiritsi oyera ndi supuni, n'kuwaza ufawo pabalapo, ndipo anasiya botolo la mankhwala amadzi opha ululu. Posakhalitsa fungo linatha, kubuula kunaleka.

Tsiku lina masana ndinamva amayi akuitana.

"Esinati, tabwera kuno. Mutu umenewo ukupita nawo bwanji kusukulu?"

Ndinakhala pakati pa miyendo yawo. Mawondo anali mafupa okhaokha, koma zala zinali zomwe zija. Ankaluka mzere umodzi n'kupuma, mpweya wawo wotentha ukundiwomba pakhosi. Anakoka zolimba mpaka misozi inalengeza. Atatsiriza ndinathamangira kwa Abiti Saidi.

"Amayi achira! Taonani, achira!"

Iwo anasiya kutembenuza zitumbuwa, n'kundisisita m'mutu. "Akuluka bwino, mwanangu," anatero, maso ali pa chiwaya.

Amayi anamwalira mvula yoyamba itangogwa. Tinawaika, anthu anabalalika, chimanga chinamera, koma mizere ija inali ikadali m'mutu mwanga. Ndinkakana kuti wina aimasule. Kamphepo kakandikhudza pakhosi ndinkacheuka msanga, koma kumbuyo kunkakhala khoma basi. Ndikamva njinga yamoto pamsewu wa ku Magomero ndinkabisala kuseri kwa nkhokwe nditakwiya, poti kwa ine anamwino aja anali abodza: anatibweretsera mankhwala osachiritsa.

Ndinali nditabereka kale mwana wanga woyamba pamene Abiti Saidi anandiuza zimene zinakambidwa pamphasa paja. Anamwino anafunsa amayi chimene ankafunitsitsa m'masiku awo otsala. Amayi sanatchule zochira. Anati, "Ndikufuna mwana wanga andiyandikire osanyansidwa nane."

Ndili mwana ndinkayesa mankhwalawo analephera. Tsopano ndikudziwa kuti anachita zonse zimene amayi anapempha, ndi kuti masana aja mudzi wonse unkadziwa kuti akunditsanzika, kupatula ine ndekha.