Mankhwala olembedwa 00

Lamulungu lomaliza la 1999, cha m'ma 2 koloko masana, tulo tinandiba pampando ndipo ndinalota izi.

Ndili mosungira mankhwala momwe ndimagwira ntchito. Kompyuta ikuti mankhwala onse olembedwa chaka cha 00, kutanthauza 2000, anatha kale mphamvu mu 1900. Bwana wathu, a Mbewe, akulowa ndi amuna anayi onyamula zibonga. Nkhope zawo ndi zagalasi.

"Phwanyani zonse!" akulamula a Mbewe.

Mabotolo akuphulika. Madzi ofiira afika m'mawondo, mapiritsi akuyandama ngati mano. Ndakumbatira katoni ya mankhwala a shuga omwe mkazi wanga amabaya m'mawa uliwonse.

"Bwana, awa abwera dzana lomweli!"

A Mbewe akuseka. "Akulu, kompyuta ikutinso inuyo simunabadwe. Menyani anyamata, palibe munthu apa."

Chibonga chikutera pa zala zanga, zikuthyoka chimodzichimodzi ngati choko. Katoni sindikuisiya. Mkazi wanga waima pakhomo ndi jakisoni wopanda kanthu, akungondiyang'ana.

Ndinadzuka nditafumbata manja. M'mawa mwake ndinagula makope awiri, n'kulemba pamanja tsiku lotha mphamvu la katoni iliyonse, shelefu ndi shelefu.