A Liyasi a m'Kabokosi

A Elifala Kamtedza anabadwira kufupi ndi Chezi, ngakhale achemwali awo amati ndi kufupi ndi Mvera, ndipo popeza malo awiriwa sanatalikirane kwenikweni, ndaona kuti ndi bwino kusatsutsa aliyense. Anakulira m'fodya. Atakula ndithu anasamukira ku esiteti ina ya kumbali ya Kasakula, kumene anakhala tenanti, nakwatira mayi Roza, nakhalanso woimba gitala wa gulu lotchedwa Chigafa Jazi. Munthu akawafunsa kuti ndinu yani, ankayamba ndi gitalayo. Ukwati ndi fodya ankazitchula munthu akafunsanso.

Gitala yawo inali yamagetsi, koma magetsi ake anali batire ya galimoto, ndipo mawu ankatulukira pa wailesi yakale yomangidwa ndi mphira. Waya wake wachitatu unali wa buleki ya njinga. Gululo linkaimba m'maukwati, ndipo chibwerere matipate linkaimbanso pa misonkhano ya chipani chilichonse, nyimbo imodzimodziyo, kungosintha dzina la munthu wotamandidwa. Mkulu wa gulu anali a Abrahamu, oimba ng'oma, munthu wokonda misonkhano kuposa ng'omazo.

M'chaka cha 1998, kapena kumayambiriro kwa chotsatira, mlamu wa a Elifala, Benjamini, anabwera kuchokera ku Joni atanyamula kabokosi kakuda, kokwana m'manja, ka mabatani opondedwa ndi phazi. Ntchito yake inali kutsanzira maampulifaya akuluakulu a oimba a kunja. Mukalumikiza gitala n'kuponda batani, wailesi ya mphira ija inkabangula ngati yagulidwa dzulo mumzinda.

Pano ndiyenera kufotokoza pang'ono, ndipo ndiyesetsa kuti ndisaname. Kabokosi kotere sikamva mawu mmene khutu limamvera. Kamawadula tizidutswa tambirimbiri n'kumatiwerenga mwaliwiro. Mukakauza kuti kakalipitse gitala, kamabala timawu tina tokwera kwambiri, toposa liwiro la kuwerenga kwake. Timawuto sikatitaya. Kamatiwerenga molakwika, ndipo timabwerera pansi ngati mawu ena achilendo. Choncho woimba akakwera, ito timatsika, monga mawilo a galimoto ya mu kanema amaonekera ngati akuzungulira chobwerera pomwe galimotoyo ikupita kutsogolo. Vutoli azungu amalitcha aliyasi.

Anakayesera masana ena m'chigafa, fodya ali lendelende pamwamba pawo. A Elifala anaponda batani, natsetserekera ku waya wochepetsetsa, naukoka kuti mawu akwere. Anakweradi. Koma kumbuyo kwake kunamveka kena, kowonda ngati udzudzu, kakutsika.

Anakokanso. Kanatsikanso.

"Wina akuimba mluzu," anatero a Abrahamu, akuyang'ana anthu pakamwa.

Panalibe amene ankaimba mluzu.

"Musadabwe alamu," anatero Benjamini. "Wogulitsayo anandiuziratu. Anati kabokosi ndi kabwino, koma muli aliyasi."

"A Liyasi a kuti?" anafunsa a Abrahamu.

"Sindinafunse."

"Munthu kuyenda naye ulendo wonse wa ku Joni osamufunsa kwawo?"

A Abrahamu anatsika pa ng'oma, nagwadira kabokosiko, naomba m'manja. "Takulandirani a Liyasi. Mwayenda bwanji?" Kenako anakodola a Elifala kuti akoke waya. A Liyasi anayankha motsika, ndipo onse anagwirizana kuti ndi munthu waulemu.

Sindikunena kuti anthu a pa esiteti anakhulupirira kuti m'kabokosi muli munthu. Amene ndinawafunsa anakana. Koma anavomera kuti ankakaikira mpando, ndiponso kuti pa ukwati mbale zinkabwera zowonjezera imodzi, imene a Abrahamu ankadya m'malo mwa mwini wake.

Mbiri inafalikira m'mapiri. Anthu amene anakhala zaka makumi atatu osamva munthu akutsutsa mnzake poyera ankayenda mtunda wautali kudzamvera gitala ikutsutsidwa. A Elifala akati uku, a Liyasi ankati uko. Amayi ankaluluta a Liyasi akatsika. Oitana gulu anayamba kufunsa kuti, "Kodi a Liyasi abwera?" ndipo za a Elifala sankafunsa, poganiza kuti iwowo salephera kubwera.

Zinawapweteka. Anayesa kuimbira mawaya akuluakulu, kumene a Liyasi sankamvekera, koma anthu ankakuwa kuti akumubisa. Tsiku lina anazula kabokosiko n'kukakankhira pambali ndi phazi.

"Mukutani achimwene?" anafunsa a Abrahamu.

"Ndikuchotsa phokoso."

"Zochotsa munthu popanda mlandu zinatha. Zinthu zinasintha."

"Si munthu ameneyu. Ndi kulakwitsa kwa makina."

"Akale aja ankateronso."

Apa a Elifala ananena mawu amene mayi Roza amati akanatha kuwameza. Anati gulu lisankhe: iwo kapena kabokosi. A Abrahamu nkhope inawala. Anaitanitsa chisankho Lamlungu likudzalo, anthu akaweruka ku tchalitchi, ndipo anati aliyense amene anavinapo nyimbo za Chigafa Jazi ali ndi voti.

Kavotedwe kanali koima pamzere kumbuyo kwa amene mukumufuna, monga zipani zinkachitira posankha oziimira. A Elifala anaima pabwalo atavala jekete. Kabokosi anakaika pampando, ndipo mpandowo, mwina mwangozi, unali pamthunzi wa muwanga.

Opikisana anapatsidwa mwayi woyankhula. A Elifala anakumbutsa anthu maukwati amene anaimbapo, ena a iwo akadalipo mpaka pano. Anthu anaomba m'manja pang'ono. Kenako a Abrahamu anati ndi nthawi ya a Liyasi, nawapatsa a Elifala gitala.

"Ine ndimuyankhulire mdani wanga?"

"Mukakana ndiye kuti mwatseka pakamwa wopikisana naye. Chisankho chikhala chachinyengo."

A Elifala anaganiza zoimba moipa dala, koma zala zinakana. Onse amene analipo amati sanaimbepo bwino ngati tsiku limenelo. Anakwera mpaka pomwe waya uthera, ndipo pomwe iwo ankakwera a Liyasi ankatsika mwachisoni, ngati munthu amene sanalakwe kanthu koma akudziwa kuti achotsedwa. Mayi wina analira.

Mzere wa kabokosi unakhota n'kukazungulira chigafa. Kumbuyo kwa a Elifala kunaima bambo wina wosamva, amene ankaganiza kuti ukugawidwa feteleza, ndi mayi Roza.

"Zikomo mayi a Peggy," anatero a Elifala osacheuka, poitana akazi awowo ndi dzina la mwana wawo.

"Ine ndaima kuno chifukwa cha ukwati," anayankha mayi Roza. "Za nyimbo musandifunse."

Benjamini anali pamthunzi. Anati iye sangataye munthu amene anabwera naye.

A Elifala anavomereza zotsatira, nakolekera gitala kumsana, napita kunyumba. Sabata imeneyo anasankha fodya osayankhula ndi munthu, ndipo akuti anamusankha bwino kwambiri.

Loweruka kunali ukwati kutsidya kwa dambo. A Liyasi anawanyamulira pa njinga, nawakhazika kutsogolo, nawapatsa mabatire atsopano. A Abrahamu anayamba ng'oma. A Liyasi ali chete. Anawaponda batani, anawagogoda, anawanyengerera. Gitala ina yamagetsi kudera lonselo kunalibe. Eni ukwati anati wopambana wayamba kale kunyada.

M'mawa mwake a Abrahamu anafika pakhomo pa a Elifala, nakhala pakhonde atavula chipewa.

"Ndatumidwa ndi a Liyasi," anatero. "Akuti zakale ndi zakale. Akufuna munthu woti aziwaperekeza."

"Kuwaperekeza bwanji?"

"Kuima kumbuyo kwawo ndi gitala. Koma mudziwe kuti nyimbo tsopano ndi yawo. Iwo ndiwo azitsogolera."

A Elifala anafunsa ngati mbale yawo ya chakudya ikhalepo, ndipo atamva kuti ikhalepo, anavomera.

Vuto linali lakuti a Liyasi sakwera pokhapokha gitala itsike. Kuti iwo atsogolere nyimbo molondola, a Elifala anayenera kuiimba chozondoka, kutsika pokwera ndi kukwera potsika. Anaphunzira nyengo yonse yokonza nazale, nyimbo imodziimodzi, mpaka agalu a pa esiteti anasamukira kwina. Oyandikana nawo ankati chisankho chawasokoneza mutu.

Pa ukwati woyamba atabwerera, anaima kumbuyo kwa mpando naimba zozondokazo mokweza, thukuta lili kamukamu. Pansi pake, kowonda, kankamveka kanyimbo kenikeni kamene aliyense ankakadziwa. Anthu anasiya kuvina kuti akamvetsere bwino.

Nkhoswe ya mkwati, mlendo wochokera ku Dedza, inasendera kwa a Abrahamu.

"Pepani bambo, a Liyasi akuimba bwino. Koma a jekete akuwasokonezawo bwanji osawachotsa?"

"Amenewo ndi otsutsa," anatero a Abrahamu osasiya ng'oma. "Malamulo salola."

Ndipo sanachotsedwenso. Anaimba m'gululo mpaka zala zinayamba kuuma.