Chaka Chimene Maboloma Anasanduka Mdani

Fungo la mango ophulika pa dothi lonyowa, atayamba kusasa ndi dzuwa la m'mawa, limandibwezera ku Chikanga, komboni imene ndinakuliramo m'dziko la Ashona, kuseli kwa nyumba yathu. Kumeneko kunali mtengo wa maboloma, wautali kuposa denga, nthambi zake zitatsamira pa mpanda wa a neba. Nthawi ya dzinja mango ankagwa okha, ena pa malata a bafa, phoo! ena m'matope, ndipo ntchentche zobiriwira ndi mavu zinkachita msonkhano pamenepo tsiku lonse. Anzanga achishona sankalidziwa dzina loti maboloma. Ankangoti mango a kwa a Phiri.

A Phiriwo ndi abambo anga. Anagwira ntchito ya njanji mpaka msana unakana, ndipo mbewu ya mtengowo anabwera nayo m'thumba la jekete kuchokera ku Ntcheu, ulendo umene anakaika maliro a mayi awo. Sanabwerereko. Ife tinalibe mudzi m'dziko lino. Khrisimasi ikafika, anzathu ankakwera mabasi a ku Zimunya kukaona agogo awo, ife n'kutsala mu mzere wa nyumba zotseka. Nchifukwa chake nditabadwa, mchombo wanga utagwa, abambo anaukwirira pansi pa mtengowo, monga akanachitira kumudzi. Chimodzimodzinso wa mlongo wanga wamng'ono. Ankati kwathu ndi pomwepo, ndipo ankanena osaseka.

Dzinja limene ndikunenali linali la zaka zija mashopu anali mbee, opanda katundu, anthu akugona pa mizere ya buledi. Ine ndinali wa zaka ngati khumi. Abambo anayamba kuonda, lamba akumuboola mabowo atsopano, ludzu losatha, ulendo wa kuchimbudzi osawerengeka. Tsiku lina amayi anaona nyerere zitaunjikana pamene abambo anataya madzi kuseli, ndipo mawa lake anawakokera ku kiliniki. Anabwerako ndi timapiritsi m'kapepala ndi dzina la matendawo: shuga. Anesi anawauza zambiri, koma pa mzere panali anthu ochuluka, ndipo amayi anatolapo mawu amodzi okha, oti asiye zotsekemera.

Amayi anga, a Nabanda, ankagulitsa tomato pamsewu wa makombi, maminibasi a kuno, ndipo sanali munthu wonena chinthu kawiri. Tsiku lomwelo nthochi zinatha m'nyumba. Magwafa, malalanje, mapapaya, ngakhale masuku amene kuno amati mazhanje, zonse zinalowa m'gulu la adani. Nanga mdani wamkulu anali kuti? Kuseli kwa nyumba, atalemedwa mpaka nthambi kukhudza pansi, chaka chimenecho ngati akuchita dala.

Ntchito yolondera inagwera ine. M'mawa uliwonse, abambo asanatuluke, ndinkayenera kutola bango lililonse limene lagwa, ngakhale loola, n'kulongedza m'beseni. Abwino amayi ankapita nawo pamsewu, otsala ndinkagawira mzere wonse. Mai Chipo, a neba athu, analandira mabeseni mpaka anayamba kundibweza pachipata. Ndikachokera kusukulu ndinkatolanso. Ndikamva phoo! pa malata, kaya ndili pakati pa chakudya, ndinkasiya mbale n'kuthamanga. Manja anga ankanata utomoni, m'mbali mwa milomo muli zilonda, chifukwa ine ndiye ndinkaloledwa kudya, bola ndikadyere kuseli kwa chimbudzi n'kusamba m'kamwa ndisanalowe m'nyumba. Abale inu, mango odyera pafupi ndi chimbudzi sakoma.

Abambo anasowa pokhala. Ankatulutsa mpando pakhonde, kukhala pang'ono, kuubweza m'nyumba, kuutulutsanso. Ankayenda kukafika pachipata, kuyang'ana mapiri amene nkhungu inkawaphimba ndi kuwavundukula, n'kubwerera. Wailesi ankaitsegula ndi kuitseka. Kumtengo sankapitako, koma ndinkawaona pawindo la khitchini akuuyang'ana, manja kumbuyo. Munthu amene kale ankatisendera mango ndi kampeni kake, khungu likutsika lathunthu osaduka, tsopano ankakalipira ngakhale nkhuku za eni.

Pofuna kuwatonthoza, amayi anayamba kufulula thobwa. Anapeza mawere kwa mayi wina wa ku tchalitchi, anawanyika, n'kuwafunditsa chiguduli mpaka atamera timizu toyera. Chimeracho chinkauma pa thumba pakhonde, ine ndikuingitsa mpheta. Ankaphika phala la mgaiwa lambiri, likazizira pang'ono n'kuthiramo chimera, ndipo m'mawa nyumba yonse inkanunkhira kwathu kumene sindinakuonepo. Chigubu cha thobwacho chinkakhala pafupi ndi mpando wa abambo, ndipo ludzu likawagwira, chikho chinkatsatana ndi chinzake.

"Imwani, a Phiri, izi n'zakumudzi," amayi ankatero. "Shuga sindinathiremo ngakhale kasupuni."

Sankanama. Shuga wa m'paketi analibe n'komwe m'nyumbamo. Kutsekemera kwa thobwa tonse tinkakuona ngati kwaulere, kochokera kwa makolo, kosawerengedwa pa mlandu.

Koma abambo sankachira. Maso anayamba kuchita chidima, mapazi akuti akuyaka moto, ludzu ndiye linachita kunyanya. Amayi anaganiza, naganiza, n'kupeza yankho limodzi: munthuyu akuba mango. Anayamba kuwanunkhiza m'manja akamawapatsa madzi osamba. Anafufuza m'matumba a jekete, pansi pa matiresi, m'dzala. Ine anandiika pakati, ati ndinene zoona, kodi sindikuwapatsira mobisa? Ndinalumbira, ndinalira, koma sizinathandize. M'nyumba munalowa mphepo yoipa, anthu akuyankhulana ndi zitseko.

"Nabanda, ine mwana wa Phiri ndibe mango anga omwe?" abambo anafunsa tsiku lina. "Ndinabzala ndine. Ndikanafuna ndikanadya pamaso panu."

Amayi anali ndi chawo chimene chinkawadya. Mchimwene wawo, amalume anga, ankagwira ntchito pa famu ina ku Odzi, ndipo mafamu a azungu atalandidwa anasowa kolowera ndi matenda omwewa m'thupi. Chilonda cha pachala chinakwera, madokotala anadula mwendo, ndipo sanakhalitse. Amayi ndiwo anawasamalira mpaka tsiku lomaliza. Madzulo aliwonse tsopano ankagwada n'kuyang'ana zala za abambo chimodzichimodzi, ngati akusankha nyemba.

Loweruka lina, abambo atapita kumaliro a mnzawo wa ku njanji, kunabwera amuna awiri ndi nkhwangwa ndi chingwe. Ndinadziwa ndisanauzidwe. Ndinathamanga n'kukakumbatira thunthu, ndikukuwa kuti mchombo wanga uli pansi apa, muzidula ndi ine ndemwe. Amayi anandizula ngati chinangwa, nandikhazika pakhonde, dzanja lawo litandigwira pamkono mwamphamvu moti zala zinadinda. Nthambi zinayamba kugwa, mango aawisi ndi akupsa akugubuduka bwalo lonse, ana a mzere wathu akulimbirana. Utomoni unanunkha mpaka kumsewu. Pofika masana kuseli kwa nyumba kunali kuwala kwachilendo, ndipo ndinaona koyamba kuti khoma lathu linali ndi mng'alu.

Abambo atabwera anaima pachipata nthawi yaitali. Kenako anazungulira kuseli, chipewa m'manja, nakhala pa chitsa. Sanakalipe, ndipo ine ndikanakonda akanakalipa. Kuyambira tsikulo kuyendayenda kuja kunatha. Amene anasowa mtendere tsopano anali amayi: kusesa posesa kale, kutsuka mbale zotsuka, kudzaza chigubu cha thobwa chisanathe.

Tsiku la kiliniki litakwana ndinapita nawo, chifukwa abambo ankafuna wowagwira dzanja pokwera kombi. Anesi a tsikulo anali mayi wachikulire wosapupuluma. Anabaya chala cha abambo, anayang'ana kamakina, n'kugwedeza mutu. Shuga anali atakwera kuposa poyamba. Amayi anafulumira kudziteteza m'Chishona chawo chopindika, kuti chipatso chilichonse anachichotsa, ngakhale mtengo anadula. Anesiwo anafunsa zimene abambo ankadya ndi kumwa kuyambira m'mawa, ndipo atamva za chigubu chija anafuna kudziwa mmene thobwa amafululira. Amayi anafotokoza monyadira, mpaka pamene anaona nkhope ya anesi.

Anatiuza mofatsa kuti chimera chimasandutsa phala kukhala shuga, ndipo shuga wakumwa amathamangira m'magazi nthawi yomweyo. Chipatso chathunthu, anatero, chili ndi zotsekemera zake, inde, koma chimabwera ndi ulusi wake umene umachedwetsa zinthu m'mimba, ndi zina zomanga thupi. Gwafa, lalanje, kapena mbali imodzi ya bango, kudya pamodzi ndi chakudya, osati beseni lonse, osatinso chofinya m'kapu. "Amayi, mtengowo sunalakwe," anamaliza choncho.

Titafika kunyumba, amayi anatenga chigubu n'kukakhuthula m'ngalande. Kenako anavala chitenje china, naima pampanda, n'kuitana Mai Chipo, omwe aja tinkawakakamiza mabeseni. Anapempha bango limodzi la mu kamtengo kawo. Ndinawamva akubwereza pempholo, chifukwa koyamba mawu sanatuluke bwino. Pa chakudya chamadzulo anadula mbali imodzi, naiika pa sosala, n'kuipereka kwa abambo ndi manja awiri atagwada. Abambo anadya pang'onopang'ono, natembenuza khungu, n'kuseteka. Mbali inayo anaikankhira kwa amayi. Amayi anaikankhira kwa ine.

Abambo anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ndi miyendo yawo yonse iwiri, akudya kachipatso kawo tsiku ndi tsiku, amayi akuwayezera ndi diso. Koma amayiwo, amene analibe shuga ngakhale pang'ono, sanalawenso bango. Ankagula, ankasenda, ankagawira adzukulu, iwo ayi. Ndili mwana ndinkati ndi makani awo aja, kuti sakufuna kuvomera kuti anagonja, ndipo ndinawasungira mkwiyo nthawi yaitali. Lero ndine mayi, ndaonapo munthu wanga akuonda ine ndilibe chochita, ndipo ndikudziwa kuti mantha amafuna chinthu choti adule. Abambo anawakhululukira madzulo omwe aja, pa sosala. Amayi ndiwo sanadzikhululukire, mpaka tinawaika.