Fodya wa Apongozi Anga

Apongozi anga ankavumata fodya, ndipo wowaperera ndinali ine. Zaka zisanu ndili pa chitengwa kwa Nthache, wopanda mwana, ntchito imene ankandionera phindu inali yomweyo basi. Ndinkakazinga masamba ochokera ku Zobue, n'kupera pamwala, n'kudonthezera chidulo kuti awawe bwino. Iwo ankatsina, n'kuika kuseri kwa mlomo, kenako malovu psii! pafupi ndi phazi langa.

"Iwe chumba, nkhuku yosaikira timaphera alendo," ankatero, anthu akumva. Anali atayamba kale kufunira mwana wawo mkazi wina.

Tsiku lina kunatuluka kachilonda koyera m'tsaya, pomwe pankakhala fodya. Iwo ankati fodyayo ndiye mankhwala, n'kumakanikizira pomwepo. Chilondacho chitayamba kununkha, amuna anga anati ndiwaperekeze ku chipatala ku Boma. Ndinamanga makadi athu a chipani pansonga ya chitenje, ulendo wapansi.

Adokotala atawaona, anandiitanira pakhonde ndekha. "Mayi, ichi chikuoneka ngati khansa. Fodyayu amafoola asilikali a m'thupi amene amateteza m'kamwa. Asiye lero lomwe, ndipo mupite nawo ku Blantyre mwezi uno." Anandipatsa kalata.

Panjira apongozi anafunsa, "Akuti chiyani?"

"Akuti ndi dzino, amayi. Chipola."

Kalata ija ndinakolezera moto madzulo ake. Sindinama ayi, ndinkadana nawo, ndipo ndinkadziwa chimene ndinkachita. Ndinkapera kuposa kale, chidulo chambiri, kabotolo kawo osauma. Tsaya linabooka, phala n'kumatulukira pambali. Ana awo aakazi ankalowa atagwira mphuno, osachedwa uyo watuluka, ati ntchentche. Wotsuka bala ndi wochapa nsanza ndinali ine ndemwe. Ndikatha kutsuka ndinkawaikira fodya ndi chala changa, poti manja awo anali atafooka.

Kutatsala masiku atatu kuti atisiye, anaitanitsa amuna anga. Mawu ankamveka ngati akulankhulira mumtsuko. Apongoziwo anandigwira dzanja.

"Za mkazi wina zija uzisiye. Mwana wanga weniweni ndi uyu. Ndinamulakwira."

Amuna anga analira, n'kulonjeza, ndipo anasungadi mawuwo mpaka imfa yawo. Ine ndinangowerama ndi manyazi, koma za kalata ija sindinaulule. Pamaliro a apongoziwo abusa anandiimiritsa pagulu, n'kuuza atsikana onse kuti azitengera chitsanzo kwa ine.