Nyama ya Chaka cha Chigodola

Fungo la ubweya wa nkhumba ukamawauka pamoto wa masamba a bulugamu silichoka msanga m'mphuno. Limayamba ngati tsitsi lopsa, kenaka limatsikira kukhosi n'kukhazikika pomwepo. Ine ndinalidziwa m'nyengo yozizira, ndili sitandade sikisi, tikukhala m'mudzi wa m'mphepete mwa esiteti ya tiyi, kunsi kwa phiri la Mulanje.

Nyengo imeneyo tiyi saphuka. Kamvula ka chiperoni kamawaza masiku angapo osakata, zovala siziuma, ndipo othyola tiyi ambiri amaimitsidwa ntchito mpaka mvula yoyamba. Bambo anga anali m'gulu la oimitsidwawo. Zaka zonse miyezi imeneyi tinkadalira nyemba za kalongonda ndi makaka a chinangwa, koma chaka chimenecho pakhomo pathu panali nyama. Bambo ankalawira kusanache atatenga thumba ndi mpeni, n'kubwera dzuwa litakwera ndi nthuli zokulunga m'masamba a nthochi. Mayi ankaziwiritsa nthawi yaitali ndi tsabola wambiri, kenaka n'kuzikazinga mpaka kuuma gwa. Ine ndinkanyambita zala osafunsa kanthu. Zoti nkhumba zikufa ndi chigodola kuyambira ku Milonde mpaka kumalire ndinkazimva, koma ndinkaona ngati ndi nkhani ya eni makola.

Kusukulu kwathu kunali njinga zamagiya, za matayala a mano akuluakulu, zomwe anasiya alendo ena odzakwera phiri. Aphunzitsi a Namacha, amene ankatiphunzitsa masamu, ndiwo ankasunga kiyi. Loweruka lililonse m'mamawa ankatenga ana okhoza bwino m'kalasi kukatchova m'misewu ya m'tiyi. Atsikana tinalipo ine ndi mnzanga Delifa, ndipo tinkavala makabudula a alongo athu m'kati mwa masiketi.

Loweruka lina aphunzitsi anati misewu ya m'tiyi yawatopetsa. Anatilowetsa m'kanjira kothinana ka anthu ozemba ndi katundu kupita kumalire ku Muloza, komwe ngakhale iwo anali asanadutseko. Nkhungu inali itaphimba phiri lonse. Udzu wa mame unkatikwapula m'miyendo, dothi lofiira linkamatirira kumatayala, ndipo zala zinachita dzanzi pamabuleki. Tinkadumpha mizu, kuterereka pamiyala, wina akagwa tonse n'kufa nacho chikhakhali. Ndinali ndisanasangalalepo chotero panjinga.

Kenaka kanjirako kanatsetsereka kulowa m'chigwa cha mabulugamu, ndipo mpweya unasintha. Poyamba linali fungo la utsi, koma pansi pake panali lina lolemera, lotsekemera moipa, lomata pamilomo. Ntchentche zobiriwira zinayamba kutimenya kumaso ngakhale kunali kozizira chotero. Ndinagwira buleki mochedwa. Tayala langa lakutsogolo linaponda chinthu chofewa chomwe chinaphulika kuti phwa, madzi ake otuwa n'kundithovukira m'miyendo mpaka m'sokosi. Anali matumbo.

Kutsogolo kwathu kunali dzenje lalikulu lomwe alangizi a ziweto analamula kuti azikwiriramo nkhumba zakufa. Linali litafukulidwa. Azibambo angapo ankakoka mitembo ndi zingwe, nkhumba zotupa mimba, makutu akuda ngati nthudza, zina khungu likusendeka lokha. Ena ankaziwaula pamoto, ena ankadula mbali zobiriwira n'kuponyera agalu, zotsalazo n'kumatsuka mu kamtsinje. Mmodzi anagwada chotifulatira, mikono italowa m'mimba mwa nkhumba mpaka m'zigongono, mphuno atamanga ndi kansalu. Kansaluko kanali kachidutswa ka chitenje cha mayi anga.

Aphunzitsi a Namacha analavula pansi. "Afisi enieni awa! Ana inu, tsekani mphuno, musayang'ane."

Delifa anandikoka bulauzi. "Esinati, si bambo ako awo?"

Ndinayang'ananso kansalu kaja. Nthuli zonse zomwe ndinanyambitira zala zinandibwerera nthawi imodzi, ndipo ndinasanzira pahandulo ya njinga, pansapato, mpaka kutuluka ndulu yokhayokha. Bambo anatembenuka n'kuimirira, manja atawatalikitsa ndi thupi. Anandiyang'ana kamphindi, koma dzina langa sanalitchule. "Aphunzitsi," anatero, "adutsitseni anawa chakumtunda. Kuno n'koterera."

Tinabwerera tikukankha njinga. Nditafika kunyumba ndinakwecha miyendo ndi mchenga ndi sopo mpaka inatuluka timagazi, koma fungo linali lidakalipo. Masana mayi atandiikira mbale, ndinaikankha ndi phazi. Sanandimenye. Anangoti, "Usadye ngati sukufuna, koma mbale usaiponde." Kuyambira tsiku limenelo ndinkatafuna makaka okha. Bambo akandipatsa kanthu ndi dzanja lawo, kaya nthochi kaya nzimbe, ndinkakataya kuseri kwa bafa. Kusukulu anyamata ankalira ngati fisi ndikamadutsa.

Patapita masiku ochepa, madzulo ndikutsuka mbale kuseri kwa khitchini, ndinamva mawu odziwika akunong'ona pampanda. Anali aphunzitsi a Namacha, kolala ya jekete atakweza, jumbo yakuda atapinda m'manja. "Bambo a Esinati, ya mwendo yatsalako?" Bambo anawakulungira nyamayo. Lolemba lake aphunzitsiwo anaima kutsogolo kwathu akuchotsa zotsalira m'mano ndi kamtengo ka machesi, ndipo ine ndinatuluka kukasanzanso. Njinga sindinakwerenso. Mvula itagwa tiyi anaphuka, bambo anabwerera kuntchito, ndipo nyama inasowa pakhomo pathu ngati kale.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti chonyansa chonse cha nyengo ija chinali m'manja mwa bambo anga. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kuti munthu samanga mphuno ngati fungo sakulimva. Ankalimva m'mawa uliwonse, pafupi kuposa tonsefe, n'kubwererakonso mawa lake. Nyama ya nkhumba sindidyabe, ndipo nseru ija imabwerabe. Kungoti masiku ano ikabwera, nkhope yomwe ndimaona si ya amene anagwada m'dzenje, koma ya amene analavula m'mawa n'kubwera ndi jumbo madzulo.