Ndege ya Mapesi a Mapira

Ndimakumbukirabe kalezala kothyoka pakati komwe aphunzitsi a sayansi anandipatsa ndili Fomu 1, kwathu kwa Tengani. Chinali chilimwe, malata a labu akuthetheka ndi dzuwa. Tinkapala mapesi a mapira, kumata mapepala pamapiko, kupanga ndege zopanda injini. Thukuta likadonthera papepala phiko linkapindika, ntchito n'kuyambiranso. "Phiko limodzi likalemera, mwapanga mwala," ankatero aphunzitsiwo akuzungulira matebulo athu.

Yanga inagwa chamutu kangapo. Nditapita nayo kunyumba kuti ndikaikonze, amayi anandiimitsa pakhomo. "Amalume ako asachione chimenecho." Sanafotokoze. Amalume anachokera kutsidya kwa malire a dziko a ku Marka nthawi ya nkhondo, ine ndisanabadwe, ndipo ankakhala nafe, munthu wosalankhulalankhula. Choncho ndegeyo ndinkaibisa kuseri kwa matumba a thonje, n'kumaikankhira mkati ndikangomva belu la njinga yawo. Lero ndimati amayi akanangondiuza. Mwina nawonso mawu ankawasowa.

Tsiku loulutsa tinakwera pachulu chakumapeto kwa bwalo la mpira. Ndinaikankha pang'onopang'ono monga anatiphunzitsira, ndipo sinagwe. Mphepo yotentha inainyamula, kupitirira zigoli, n'kulunjika kumsewu. Ana a pulayimale anali akuweruka, ndipo pakati pawo amalume ankapalasa njinga kuchokera kumsika.

Chithunzithunzi cha mapiko chinawadutsa amalume pankhope. Anadumpha, njinga n'kugwera uko, anagwira kamnyamata kena, kukagwetsera m'ngalande n'kukagonera pamwamba. "Gona pantsi! Gona pantsi!" Ankakuwa m'Chisena, akutchula dzina lomwe silinali la kamnyamatako.

Anzanga anaseka. Aphunzitsi sanaseke. Anathamanga n'kukagwada m'ngalandemo, kuwalankhula amalume motsitsa mpaka manja awo atamasuka. Kamwanako kanathawa kakulira, dothi lili m'kamwa.

Ine ndinkangoyang'ana ndege yanga itakola mumtengo wa masawu, yathunthu. Ndinakwiya. Inauluka kuposa za anzanga onse, koma palibe amene anaiona ikutera.

Tsiku limenelo amalume sanadye, anangokhala kuseri kwa nyumba fumbi lidakali m'tsitsi. Ndinafunsa amayi kuti dzina lija linali la ndani, iwo anangoti ndikatunge madzi. Ndinapita ndikung'ung'udza. Sindinkadziwa kuti amalume ananyamuka kwawo atabereka mwana kumsana, n'kufika ku Marka ali okha.