A Gondwe m'Mabasi a ku São Paulo

A Chiukepo Gondwe anayendetsa basi ku Walsall m'dziko la England kwa zaka zoposa makumi awiri. Anachoka ku Rumphi ali mnyamata kudzaphunzira za akaunti, koma sukulu inathera panjira, ndipo ntchito imene anailowa mongoyembekezera ndiyo inawasunga mpaka imvi. Misewu ya ku Bilston, Wolverhampton ndi Birmingham ankaidziwa ngati zipinda za m'nyumba mwawo. Anthu okwera ankawadziwa nkhope, dzina ayi, ndipo iwo sankadandaula nazo.

Kenako diso lawo lakumanzere linayamba kuchita chifunga. Adokotala analikonza ndithu, koma ananenetsa kuti basi yonyamula anthu asadzaigwirenso. A Gondwe anabweza yunifolomu kudepoti n'kukhala pansi. Akazi awo, mayi Edna, amene amasamalira okalamba panyumba ina ku Walsall komweko, ankawasiya pasofa m'mawa n'kudzawapeza pomwepo pochokera kushifiti, tiyi atazizira m'kapu.

Mwana wawo yekhayo, Tiffany, ankaphunzitsa Chingerezi ku São Paulo m'dziko la Brazil, ndipo anakwatiwa ndi mnyamata wakomweko dzina lake David. Atabadwa mdzukulu, mayi Edna anapempha tchuthi cha milungu iwiri n'kuwakoka amuna awo. A Gondwe anapita monyinyirika. Ankati mizinda ndi yofanana, munthu amene waona London waona yonse.

Ndege itayamba kutsika, anasuzumira pawindo n'kuona nyumba. Anamanga lamba, akuganiza kuti afika. Koma ndege inapitirira, nyumba nazo zinapitirira. Zinakwera mapiri, zinatsikira m'zigwa, zina zazitali zitaima mothithikana ngati chimanga m'munda wa dimba, ndipo kulikonse kumene diso linafika kunalibe mpata woti munthu anene kuti mzinda wathera apa. Anafuna kuwagwedeza akazi awo kuti aone, koma anapitiriza kusuzumira pawindo.

Tiffany ankakhala pamwamba kwambiri m'nyumba yosanja. Masiku oyamba a Gondwe ankaima pakhonde, mdzukulu ali paphewa, n'kumaonerera mahelikoputa akutera pamadenga ngati ndi chinthu wamba. Koma chimene chinawagwira mtima chinali pansi pamsewu. Panadutsa basi yaitali, yopindika pawiri ngati bongololo, itadzaza thothotho, ndipo inakhota pakona yopapatiza osagunda chilichonse. Anaitsata ndi maso mpaka inazimiririka. Posakhalitsa panadutsa inzake.

Tsiku lina m'mawa ananena kuti akukagula buledi. M'thumba anali ndi khadi yokwerera basi imene David anawapatsa. Atafika pasiteji, basi ija inaima patsogolo pawo, zitseko n'kutseguka, iwo n'kulowa.

M'katimo munali kondakitala atakhala pampando wake pakati, pafupi ndi kachitseko kachitsulo kozungulira kamene aliyense amakankha akalipira. A Gondwe anaima pamene akanatha kuona manja a dalaivala. Anali bambo wochepa thupi, wovala shati ya manja aafupi. Njinga zamoto zinkadutsa mbali zonse ziwiri zikuliza mahutala, anthu akuoloka paliponse, koma iye ankangopotoza chiwongolero modekha, uku akuyankha nthabwala za kondakitala. A Gondwe anazindikira kuti phazi lawo lakumanja likuponda buleki pansi pomwe palibe buleki. Anaseka okha, n'kupeza mpando wa pawindo. Anaitsika basiyo itafika kumathero kwake, kudera la nyumba za njerwa zofiira zosapaka pulasitala zimene zinakwerana paphiri mpaka pamwamba. Atakwera pachitunda n'kuyang'ana kutsogolo, mzinda unali ukupitirirabe.

Anabwerera kunyumba dzuwa litapendeka, buledi alibe. Mayi Edna anali atalira kale. Tiffany anawakalipira m'Chingerezi monga amachitira akakwiya, n'kuwaikira mufoni chinthu chosonyeza pamene ali. Iwo anapepesa ndi mtima wonse, koma m'mawa mwake anatulukanso.

Tchuthi cha mayi Edna chitatsala pang'ono kutha, a Gondwe anawapeza akulongedza masutikesi.

"Mayi a Tiffany, ine mundisiye kaye kuno. Mzinda uno sindinauone."

"Simunauone bwanji, inu tsiku lililonse muli pamsewu?"

"Ndangoona kangodya kamodzi."

Mayi Edna anawayang'ana nthawi yaitali. Amuna awo anali atada ndi dzuwa, nsapato zili fumbi lokhalokha, ndipo ankadya ngati munthu wolima. Mayi Edna anatulutsa zovala za amuna awo musutikesi. Anangowalamula ziwiri: mankhwala a m'diso asadumphitse, ndipo aziimba foni tsiku ndi tsiku.

A Gondwe anakhala miyezi isanu. M'mawa ankanyamula mdzukulu kuti Tiffany asambe ndi kudya, kenako ankasankha basi imene sanaikwerepo n'kupita nayo mpaka kumene ikathere. Chipwitikizi ankadziwa mawu ochepa, othokozera ndi ofunsira kumathero kwa basi, koma makondakitala ankawamvetsa, ena mpaka kuwalozera basi ina yoti akayese.

Anaona zinthu zimene pafoni ankalephera kuzilongosola bwino. Anapeza msewu umene masitolo ake onse amagulitsa madiresi a ukwati okhaokha, oyera mbuu kuyambira kuno mpaka uko. Anapeza dera lokongoletsedwa ndi nyali zofiira zopachikidwa m'misewu, kumene nkhalamba za nkhope za Chijapani zinkakangana m'Chipwitikizi pogula ndiwo zamasamba. Lamlungu lina David anawatengera pa msewu waukulu wodutsa m'mwamba pakati pa nyumba, umene patsikuli magalimoto saloledwa, ndipo anapeza anthu atayala nsalu pa tala, ena akuvina, ena akuphunzitsa ana kupalasa njinga. M'misika ya m'misewu ankagula chinangwa, magwafa ndi mapeyala aakulu ngati a ku Thyolo, n'kumamwa madzi a nzimbe ofinyidwa iwo akuona. Masana ena kunagwa chimvula chimene chinasandutsa msewu mtsinje. Dalaivala anaimika basi pamtunda n'kuzimitsa injini, ndipo mayi wina anatsegula thumba la tizitumbuwa ta tchizi n'kuyamba kugawira aliyense, mlendo wa ku Walsall yemwe.

Ulendo umene sauiwala ndi wa kum'mwera. Anasintha mabasi kangapo, nyumba zikufupika pang'onopang'ono, mpaka msewu unathera m'madzi. Patsogolo panali damu lalikulu. A Gondwe anaimirira kuti atsike, koma kondakitala anawakodola kuti adikire. Pantoni yoolotsa magalimoto inafika, basi yonse inakwera pamenepo pamodzi ndi magalimoto, n'kuoloka. Kutsidya kunali nkhalango yobiriwira, dothi lofiira, nthochi, nkhuku zikupalasa m'mbali mwa msewu. Mpweya unkanunkhira masamba onyowa ngati ku Nkhata Bay mvula ikangokata. Anafunsa kondakitala ndi manja kuti kuno ndiye kuti. Iye analoza pansi n'kunena kuti São Paulo. A Gondwe analoza kumbuyo kumene kunali nyumba zazitali zija, ndipo kondakitala anagwedeza mutu kuvomera kuti nakonso ndi São Paulo. Munthu amene anatha zaka akuzungulira matauni amene ankawadziwa poyambira ndi pothera, tsikulo anadziona wamng'ono kwambiri, ndipo chodabwitsa n'chakuti kuchepako kunkawakomera.

Mwezi wachitatu uli mkati, ankadutsa pafupi ndi bwalo lina lapakati pa mzinda, pamene anthu ochokera ku Africa amayala nsalu ndi mikanda m'mbali mwa msewu. M'phokoso lonselo anamva mawu a mayi akukalipa pafoni.

"Iwe, ndinakuuza kuti mbuzizo usagulitse mpaka ndibwere."

A Gondwe anaima chilili, anthu akuwagunda mapewa. Anaganiza kuti makutu awanamiza. Mayiyo anali atakhala pakampando kumbuyo kwa mulu wa zitenje, ndipo anapitiriza kumudzudzula wa pafoniyo m'Chichewa chenicheni cha kumapiri a Dedza. Atadula foni, iwo anayandikira n'kuvula chipewa.

"Muli bwanji, mayi?"

Mayiyo anagwira pakamwa. Anayang'ana kumbuyo ngati moniwo wachokera kwina, kenako anayankha motsitsa kuti ali bwino, kaya iwo bambo. Dzina lake linali Anastasia, kwawo ku Ulongwe ku Mozambique, kufupi ndi malire a Dedza. Anabwera ku Brazil zaka zambiri zapitazo kutsatira mwamuna wake, ndipo chiyambire anali asanapatsidwepo moni wa kwawo pamaso m'pamaso. Anawapatsa kampando kake, iye n'kukhala pa katoni.

Anacheza mpaka mthunzi unasuntha. Atamva za maulendo awo, Anastasia anaulula kuti iye amangodziwa njira yochokera kumene amagona kufika pamalo a malondawo. Za pantoni yonyamula basi anali asanamvepo, ndipo anawafunsa kawiri ngati sakumuseka. A Gondwe anaimbira akazi awo pa vidiyo kuti aone okha. Mayi Edna anali pa nthawi yopuma kuntchito. Azimayi awiriwo atangopatsana moni, anayamba nkhani za ana, za mitengo ya zitenje, za kuzizira kwa ku England, moti Anastasia anaimirira n'kumayendayenda ndi foni ija. A Gondwe anatsala akulondera katundu, ndipo anagulitsa zitenje ziwiri kwa mtsikana wina pogwiritsa ntchito zala zokha.

Kuyambira pamenepo ankadutsirako mlungu uliwonse kukamuuza Anastasia kumene afika. Iye ankamvetsera atagwira tsaya ngati akumva za dziko lina, chonsecho ndi mzinda umene ankagonamo.

Nthawi yololedwa kukhala m'dzikomo itatha, anabwerera ku Walsall m'nyengo yozizira, mdzukulu atayamba kukwawa. Kutchalitchi ku Birmingham, Amalawi ndi anzawo a ku Zambia anawazungulira atatha mapemphero kufunsa za Brazil. Ambiri ankafuna kumva za mpira ndi za akuba. A Gondwe anayesa kufotokoza za damu lija, za msewu wa madiresi, za mabasi opindika, koma ankaona okha kuti mawu akuchepa. Mnyamata wina wongobwera kumene pa viza yosamalira odwala anafunsa ngati mzindawo ndi waukulu kuposa Birmingham. Iwo anaganiza kaye.

"Achimwene, ine ndinayenda miyezi isanu tsiku ndi tsiku. Kum'mawa kwake sindinakafikeko n'komwe."

Masiku ano amagwira ntchito ya maola ochepa kudepoti yawo yakale, kuperekeza madalaivala atsopano kuti adziwe misewu. Lachiwiri lililonse masana amapita ku Wolverhampton kukaphunzira Chipwitikizi kwa mayi wina wa ku Angola, ndipo amavutika kwambiri ndi mawu otulukira m'mphuno. Mayi Edna ndi Anastasia amatumizirana mauthenga pafupifupi tsiku lililonse, ngakhale sanaonanepo maso ndi maso. Chaka chino mayi Edna apempha tchuthi chachitali kuntchito choti apite ndi amuna awo ku São Paulo, ndipo agula kale nsapato zafulati zoyendera.